Kodi sabata imodzi ya Pilates ku Portugal ingachiritse msana wanga?

Funso: Ndine mayi wa zaka 52 ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku England. Msana wakhala ukundipweteka cha m'chiunomu kwa zaka zitatu, makamaka ndikaweruka shifiti ya usiku. Ndaona malonda a ulendo wa masiku 7 wopita ku Algarve, m'dziko la Portugal, kumene amaphunzitsa masewero olimbitsa thupi otchedwa Pilates kawiri pa tsiku. Masiku awiri oyambirira anthu amamwa madzi a zipatso okha kuti atsuke m'thupi, kenako amaphunzira kuphika zakudya za kumeneko, amayenda m'mbali mwa nyanja ndi kulawa vinyo. Mtengo wake ndi pafupifupi mapaundi 2,000, osawerengera ndege. Sindinachitepo Pilates, ndimamwa mankhwala a BP ndi a shuga, ndipo pasipoti yanga ndi ya Malawi. Kodi ulendowu ungandichiritse msana ndi kundichepetsa thupi, kapena ndingotaya ndalama?

Yankho: Mayi, sabata imodzi siingachotse ululu umene wakhazikika kwa zaka zitatu, ndipo makilogalamu amene mungataye m'masiku 7 ambiri a iwo adzabwerera mukangoyambanso kudya monga mwa masiku onse. Izi sizikutanthauza kuti maulendo oterewa ndi achinyengo. Ulendo wokonzedwa bwino uli ndi phindu lenileni, ndipo phindulo ndi kuphunzira: munthu amene wapita atakonzeka amabwerako akudziwa kuyendetsa thupi lake m'njira imene akanatenga miyezi ingapo kuti aidziwe pa makalasi a ola limodzi pa sabata. Chimene chikundidetsa nkhawa pa ulendo umene mwauonawu ndi chakuti inu simunayambe n'komwe masewerowa, pamene masiku awiri osadya aja sagwirizana ndi mankhwala amene mumamwa.

Musanapereke ndalama kwa aliyense, msanawo uonedwe ndi GP wanu (dokotala amene mumapitako nthawi zonse) kapena physiotherapist (katswiri wothandiza minofu ndi mafupa pogwiritsa ntchito masewero), ndipo m'madera ambiri a England munthu amatha kudzilembetsa yekha kwa physiotherapist wa NHS, zipatala za boma za ku Britain, popanda kalata ya dokotala. Ululu wa m'chiuno wa anthu ambiri suchokera ku matenda oopsa, ndipo malangizo a 2016 a NICE, bungwe lolangiza madokotala ku England, amanena kuti kujambula msana pa X-ray kapena MRI sikofunika kwa aliyense. Pali zizindikiro zina, komabe, zimene sizidikira: dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumatako, kulephera kukodza kapena kusunga mkodzo ndi chimbudzi, komanso miyendo yonse iwiri kufooka. Zikachitika zimenezi munthu amapita kuchipatala, ku dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi (A&E), tsiku lomwelo, chifukwa zimasonyeza kuti mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika. Ululu umene umakula usiku ngakhale mutagona phee, kuonda kosadziwika chifukwa chake, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku nazonso ziyenera kutchulidwa kwa dokotala. Kwa ife amene tinakulira kumene chifuwa chachikulu n'chofala, TB ya m'mafupa a msana ndi matenda amene dokotala wa ku Leeds sangawaganizire msanga ngati simunamuuze kumene munabadwira. Mufunsenso za kulimba kwa mafupa anu, poti pa msinkhu wanu azimayi ambiri amakhala akusiya msambo ndipo mafupa amayamba kuphwafuka. Nkhani imeneyi ikukhudza mwachindunji mitundu ya masewero a Pilates imene mungachite.

Masewerowa anayambitsidwa ndi Joseph Pilates, amene anabadwira ku Mönchengladbach m'dziko la Germany mu 1883. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamupeza ali ku England, ndipo monga nzika ya dziko la adani anatsekeredwa m'ndende ya Knockaloe pa chilumba cha Isle of Man, kumene ankaphunzitsa akaidi anzake kulimbitsa thupi. Pambuyo pake anasamukira ku America, ndipo iye ndi mkazi wake Clara anatsegula chipinda chophunzitsira pa Eighth Avenue mumzinda wa New York. Njira yakeyo ankaitcha Contrology. Anthu amene anaitchukitsa anali ovina, poti akatswiri a magule monga George Balanchine ndi Martha Graham ankatumiza kumeneko ovina awo ovulala. Buku lake la 1945, Return to Life Through Contrology, lili ndi masewero 34 ochitira pansi pa mphasa, ndipo ambiri a iwo akuphunzitsidwabe lero. Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa inu: masewero oyambirirawo anakulira m'matupi a anthu ophunzitsidwa kuvina, achinyamata ndi ofewa, osati m'thupi la mayi amene wakhala akuwerama pa mabedi a odwala usiku wonse. Mphunzitsi wabwino amadziwa kuwasintha kuti agwirizane ndi munthu amene ali patsogolo pake.

Pilates amafuna kuti munthu ayendetse manja ndi miyendo uku thunthu lake lili lokhazikika, akupuma mwadongosolo ndi kuika maganizo onse pa chimene akuchita. Minofu imene imagwira ntchito yokhazikitsa thunthuyi ndi ya mkati: mnofu wozungulira mimba ngati lamba umene madokotala amautcha transversus abdominis, timinofu tating'ono tolumikiza mafupa a msana, minofu ya pansi pa chiuno, ndi mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo. Ena amachitira pa mphasa ya labala, pamene ena amagwiritsa ntchito makina, ndipo odziwika kwambiri ndi Reformer, kabedi koyenda pa njanji kokokedwa ndi masipuling'i, kokhala ndi zingwe zokolekamo manja kapena mapazi. Masipuling'iwo amatha kulemeretsa sewero kapena kulipepuza, ndipo n'chifukwa chake munthu wa msana wopweteka nthawi zina amayamba bwino pa makina kusiyana ndi pa mphasa, ngakhale makinawo amaoneka oopsa munthu akawaona koyamba.

Pa funso lakuti Pilates amachiza msana kapena ayi, kafukufuku alipo ndipo zimene anapeza n'zabwino koma zosadabwitsa. Mu 1996, Paul Hodges ndi Carolyn Richardson a ku University of Queensland ku Australia anaonetsa kuti mwa anthu odwala msana mnofu wozungulira mimba uja umachedwa kukungika munthu akatukula dzanja, ndipo zimenezi zinachititsa kuti anthu ambiri akhulupirire kuti chinsinsi cha msana chili pa mnofu umodziwo. Zotsatira za m'zaka zotsatira zinatsitsa chiyembekezo chimenechi. Mu 2015 bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zachipatala, linasonkhanitsa kafukufuku 10 wokhudza anthu 510 ndipo linapeza kuti Pilates amachepetsa ululu ndi kuthandiza munthu kugwira ntchito zake kuposa kungokhala osachita kanthu, koma silinapeze umboni wokwanira wakuti amaposa mitundu ina ya masewero olimbitsa thupi. Mwa kuona kwanga, ubwino wa Pilates kwa odwala msana uli pa mfundo yakuti amachitika pang'onopang'ono, sagwedeza mafupa, ndipo amachotsa mantha. Munthu amene wamva ululu kwa zaka amayamba kuopa kuwerama ndi kutembenuka, amaumitsa thupi lonse, ndipo kuumako kumawonjezera ululu. Akaphunzira kuti msana wake ungapindike ndi kuwongoka popanda choopsa, kusintha kumayamba pamenepo.

Chofunika kuchizindikira ndi chakuti pa kafukufuku yenseyu anthu ankachita masewerowa kwa masabata angapo motsatizana, osati masiku 7. Thupi lili ndi liwiro lake. M'masabata oyambirira mphamvu imene munthu amaimva imachokera ku ubongo ndi mitsempha zimene zikuphunzira kulamula minofu bwino, ndipo minofu yeniyeniyo imayamba kusintha pakapita mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Kuunjika makalasi 12 kapena 14 m'sabata imodzi kuli ngati kuthira madzi a nyengo yonse m'dimba tsiku limodzi: ambiri amangoyenderera. Kwa munthu amene sanayambepo pali vuto linanso, lakuti minofu yosazolowera imapweteka kwambiri pakati pa maola 24 ndi 72 chichitireni masewero, choncho tsiku lachiwiri ndi lachitatu la ulendo wanu, pamene anzanu akuphunzira zinthu zatsopano, inu mudzakhala mukuvutika kutsika masitepe. Munthu wotopa ndi wopwetekedwa amachita masewero molakwika, ndipo msana umene unali wokwiya kale umakwiyiratu.

Masewero ena a Pilates amafunanso kusamala kwapadera kwa munthu wa msinkhu wanu ndi matenda anu. Ambiri mwa amene ali m'buku la 1945 amapinda msana kutsogolo mwamphamvu, monga Roll Up, Rolling Like a Ball ndi Teaser, ndipo ngakhale lotchuka lija lotchedwa Hundred limachitika mutu ndi mapewa zili m'mwamba. Kafukufuku wa ku Mayo Clinic wa 1984 anapeza kuti azimayi a mafupa ophwafuka amene ankachita masewero opinda msana kutsogolo anathyoka mafupa a msana kwambiri kuposa amene ankachita masewero owongola msana chakumbuyo. Masewero otukula miyendo kupitirira mutu, monga Roll Over, sayenera munthu amene BP yake siinakhazikike kapena amene ali ndi vuto la khosi, ndipo kugwira mpweya pokakamira sewero lovuta kumakweza BP kwa kanthawi. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikukuletsani kuchita Pilates. Zikungotanthauza kuti mukufunika mphunzitsi amene adzakufunsani za thanzi lanu musanagone pa mphasa, ndipo adzakupatsani sewero lina pamene gulu likuchita losakuyenerani.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mapaundi 2,000 aja, chifukwa nyumba yokongola ndi nyanja ya buluu mungazipeze pa mtengo wotsika. Chimene mukulipira kwenikweni ndi mphunzitsi. Mu October 2000 khoti la ku New York linagamula kuti dzina lakuti Pilates si katundu wa kampani iliyonse koma dzina la mtundu wa masewero, monga yoga kapena karate. Chigamulochi chinathandiza kuti masewerowa afalikire dziko lonse, koma chinatanthauzanso kuti munthu amene waphunzira kwa masiku awiri ndi amene waphunzira kwa zaka ziwiri onse angadzitche aphunzitsi a Pilates. Bungwe la Pilates Method Alliance, limene linakhazikitsidwa mu 2001, linaika maola 450 ngati mulingo wochepa wa maphunziro athunthu ophatikiza mphasa ndi makina. Sukulu zodziwika ndi monga Body Control Pilates ya ku Britain, STOTT Pilates ya ku Toronto, Polestar, ndi BASI imene inayambitsidwa ndi Rael Isacowitz, wobadwira ku South Africa, pamene APPI imaphunzitsa makamaka ogwira ntchito za chipatala. Ngati malondawo akunena kuti mphunzitsi ndi physiotherapist wa ku Britain, dzina lake liyenera kupezeka m'kaundula wa HCPC, bungwe lolembetsa akatswiri oterewa, kaundula amene aliyense angauone pa intaneti kwaulere.

Lemberani okonza ulendowo kalata musanalipire. Afunseni dzina la mphunzitsi, sukulu imene anaphunzira ndi maola ake, ndiponso ngati anaphunzira kusamalira anthu odwala msana ndi a mafupa ophwafuka. Afunseni kuchuluka kwa anthu m'kalasi. Kwa ine anthu oposa 12 pa mphasa kapena oposa 6 pa makina ndi ochuluka kwa mphunzitsi mmodzi pamene m'gulumo muli oyamba kumene. Afunseni ngati pali nthawi yoti mphunzitsi akuoneni panokha tsiku loyamba, ngati oyamba ndi ozolowera amaphunzira padera, ndiponso ngati mungajombe kalasi ya madzulo thupi likakana. Kayankhidwe kawo kadzakuuzani zambiri. Okonza ulendo osamala amakutumizirani fomu yofunsa za matenda ndi mankhwala anu asanalandire ndalama, ndipo mukatchula shuga amayamba ndi iwo kufunsa mafunso. Amene angoyankha kuti ulendowu ndi woyenera aliyense, osafunsa kanthu, asiyeni.

Tsopano za chakudya. Thupi silisunga zoipa zimene zikudikira madzi a zipatso kuti zichoke, poti ntchito yosefa magazi imagwiridwa ndi chiwindi ndi impso usana ndi usiku, kaya munthu wadya kapena ayi. Kutsika kwa sikelo kumene anthu amakondwera nako pa tsiku lachitatu kuli ndi chifukwa chodziwika: thupi likasowa chakudya limagwiritsa ntchito shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo gramu iliyonse ya shuga wosungidwayo imakhala ndi magramu pafupifupi 3 a madzi, amene amatuluka mumkodzo. Matumbo nawo amakhala opanda kanthu. Mukangodyanso bwino kwa masiku awiri kapena atatu, madziwo amabwerera. Kusala kudya ngati njira ya chipatala kulipo ndithu, ndipo malo monga Buchinger Wilhelmi ku Überlingen m'dziko la Germany amachita zimenezi, koma kumeneko kuli madokotala ndi anamwino amene amayeza magazi, kusintha mankhwala a munthu ndi kumuyang'anira tsiku ndi tsiku. Nyumba ya alendo ya ku Algarve yokhala ndi mphunzitsi wa masewero ndi wophika ilibe zimenezo.

Kwa inu nkhaniyi ndi yoposa kutaya nthawi. Simunatchule mayina a mankhwala anu, choncho yang'anani pa mabokosi ake. Insulin ndi mapiritsi monga gliclazide amatsitsa shuga kaya mwadya kapena simunadye, ndipo mukawaphatikiza ndi njala ndi masewero a kawiri pa tsiku shuga angatsike mpaka kunjenjemera, kusokonezeka mutu kapena kukomoka. Mapiritsi monga empagliflozin ndi dapagliflozin ali ndi ngozi ina, yakuti munthu akasiya kudya magazi ake angadzaze asidi ngakhale shuga akuoneka wabwino pa makina oyezera. Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri, koma sagwirizana ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Madzi a zipatsowo nawo ndi shuga wopanda gaga wa chipatso, wolowa m'magazi mofulumira, ndipo NHS imalangiza aliyense kuti asapitirire mamililita 150 pa tsiku, pamene pa maulendo oterewa munthu amamwa matambula angapo. Mbali ya BP, mapiritsi okodzetsa ndi ena monga ramipril angachititse chizungulire ndi kulemetsa impso munthu akamatuluka thukuta padzuwa osadya. Anthu akuda ambiri ku Britain amayambira pa amlodipine, ndipo madzi ambiri a manyumwa amawonjezera mphamvu ya mankhwala amenewa m'thupi. Musasiye kapena kuchepetsa mankhwala panokha kuti mugwirizane ndi ndondomeko ya ulendo. Ngati okonzawo sangakupatseni chakudya chenicheni katatu pa tsiku kuyambira tsiku loyamba, ulendowo si wanu.

Mbali yophika ija, kumbali ina, ndi imene ndingailipire mokondwa. Kadyedwe ka anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean kali ndi umboni wolimba kuposa china chilichonse chimene chili pa malondawo. Pa kafukufuku wa PREDIMED ku Spain, anthu 7,447 amene anali pa chiopsezo cha matenda a mtima, pafupifupi theka la iwo odwala shuga, anatsatidwa kwa zaka pafupifupi 5, ndipo amene ankadya motere ndi kuwonjezera mafuta a olivi kapena mtedza wa m'mitengo anadwala mtima ndi sitiroko mocheperako ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse. Mu 2013 UNESCO inaika Portugal m'gulu la mayiko osunga kadyedwe kameneka, ndipo tauni imene inasankhidwa kuimira dzikolo ndi Tavira, ya ku Algarve komweko. Kumeneko mudzapeza nsomba za sardine zootcha, nsomba ndi nkhono zophikidwa mumphika wa mkuwa wotchedwa cataplana, supu wa masamba, nyemba, malalanje, nkhuyu ndi amondi. Mukachiyang'anitsitsa chakudyachi mudzaona kuti sichili kutali ndi mbale imene munakulira nayo, ya usipa, nyemba ndi nkhwani wotendera; kusiyana kwakukulu kuli pa mtundu wa mafuta ndi pa kukula kwa mbali ya ufa, ndipo kwa wodwala shuga phunziro lothandiza ndi kuona mbale imene ndiwo ndi masamba zachuluka kuposa chakudya chokhutitsa. Zaka 5 zija muzikumbukire: phindu linabwera chifukwa anthu anadya motero kunyumba kwawo.

Za vinyo sindichulukitsa. Tambula imodzi pa chakudya siingawononge ulendo, koma mowa umakweza BP, umasokoneza tulo, ndipo kwa amene akumwa gliclazide kapena kubaya insulin umatha kutsitsa shuga usiku. N'zodabwitsanso kuti malonda omwewo amene akulonjeza kutsuka thupi Lolemba akukupatsani vinyo Lachinayi.

Palinso chinthu chimene maulendo amenewa amapereka ndipo sichilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndicho kupuma. Malo oterewa si atsopano: Rancho La Puerta ku Tecate m'dziko la Mexico anatsegulidwa mu 1940 ndi Edmond ndi Deborah Szekely, alendo oyambirira ankabwera ndi matenti awo ndi kulipira madola 17.50 pa sabata, ndipo chimene ankapeza chinali kuyenda m'mapiri, chakudya cha m'munda ndi kugona msanga. Kwa munthu wogwira shifiti ya usiku zimenezi si zazing'ono, chifukwa kusowa tulo kumachititsa kuti thupi limve ululu kwambiri. Mukagona usiku 7 motsatizana, osanyamula munthu, osaphikira aliyense, mukuyenda padzuwa, msana udzapepuka ndithu, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti achita zimenezo ndi Pilates kapena madzi a zipatso. Pa mfundo imeneyi Portugal ndi chisankho chanzeru kuposa Bali kapena Thailand, poti ulendo wa pandege kuchokera kumpoto kwa England kukafika ku Faro, kumene kuli bwalo la ndege la Algarve, ndi wa maola pafupifupi 3 ndipo nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi ya ku Britain, choncho simutaya masiku polimbana ndi tulo kapena kukhala pampando wa ndege tsiku lathunthu ndi msana wopweteka. Pewani July ndi August, pamene kumatentha kwambiri ndipo mitengo imakwera. May, June, September ndi October ndi miyezi yabwino yoyendera pansi.

Kupumako kudzatha mukabwerera ku ntchito, ndipo apa ndiyenera kunena chimene malonda sanganene. Ngati ululu ukukula mukaweruka, mbali ya yankho ili kuntchito kwanuko. Lamulo la Manual Handling Operations Regulations la 1992 limalamula olemba ntchito ku Britain kuti apewe kunyamulitsa antchito zolemera m'njira yoopsa pamene kungapeweke, ndi kuunika ngozi pamene sikungapeweke. M'nyumba zosamalira okalamba zimenezi zimatanthauza makina onyamulira odwala, nsalu zoterera zotembenuzira munthu pabedi, mabedi okwezeka, ndi anthu awiri pa ntchito imene imafuna anthu awiri, ngakhale usiku pamene antchito amachepa. Pemphani kuti akutumizeni kwa a occupational health, akatswiri oona za thanzi la anthu pantchito. Minofu yolimba imathandiza, koma siingapose kutembenuza munthu wamkulu muli nokha, bedi lili pansi, usiku uliwonse.

Pa ndalama ndi mapepala, ulendo umene ukuphatikiza malo ogona ndi makalasi pa mtengo umodzi kawirikawiri umagwera pansi pa malamulo a Package Travel a 2018 ngati ukugulitsidwa ku Britain, ndipo wogulitsayo ayenera kukhala ndi chitetezo choti ndalama zanu zibwezedwe kampani itagwa. Afunseni kuti chitetezocho chili ndi ndani. Ngati ndege ili mumtengo womwewo, funani satifiketi ya ATOL, imene imateteza ndalama za maulendo ophatikiza ndege. Lipirani ndi kirediti kadi molunjika kwa wogulitsa, chifukwa gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limachititsa kuti kampani ya kadiyo ikhale ndi udindo pamodzi ndi wogulitsa, iye akalephera kukwaniritsa pangano, pa zinthu za mtengo wa pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000, pamene ndalama yotumizidwa ku akaunti ya munthu ilibe chitetezo chotere. Ndi pasipoti ya Malawi mudzafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Portugal, ngakhale muli ndi chilolezo chokhala ku Britain. Mtengo wake ndi mayuro 90, osawerengera ndalama za ofesi yolandira mapepala, mungapemphe kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Pogula inshuwalansiyo tchulani shuga, BP ndi msana womwe, poti matenda obisidwa ndi chifukwa chodziwika chokanira kulipira. Werenganinso zimene okonza ulendo alemba za kubweza ndalama viza ikakanidwa kapena ikachedwa, chifukwa ambiri sabweza ya chikole. Khadi la GHIC, lothandiza kulandira chithandizo m'zipatala za boma ku Ulaya, ndi laulere kwa okhala ku Britain, koma sililowa m'malo mwa inshuwalansi. Mankhwala anu akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pepala la dokotala ndi makina oyezera shuga.

Ndikanakhala inu, ndikanagawa ndalamazo. Mukaonana ndi physiotherapist, lipirani makalasi awiri kapena atatu a inu nokha ndi mphunzitsi wodziwa za msana ku Leeds komweko, kenako lowani kalasi ya oyamba kawiri pa sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muwonjezere kuyenda mwandawala. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewero othamangitsa mtima pang'ono, kuphatikiza masiku awiri olimbitsa minofu. Pilates amakwaniritsa mbali yachiwiriyi, koma satentha mafuta ambiri, choncho pa shuga, BP ndi kuchepetsa thupi kuyenda ndi chakudya ndi zimene zidzagwire ntchito yaikulu. Pofika mwezi wachitatu mudzakhala mukudziwa ngati masewerowa mumawakonda, masewero amene msana wanu umakana, ndi mafunso amene mukufuna kukafunsa mphunzitsi wina. Mungayesenso ulendo wa masiku awiri kapena atatu ku Yorkshire Dales kapena Lake District, ku England komweko, kumene simufunika viza, kuti muone ngati kukhala ndi gulu la anthu osawadziwa ndi kudzuka m'mamawa kukachita masewero kukukomerani.

Mukasankha kupita ku Algarve pambuyo pake, kalasi imodzi ya m'mawa ndi kuyenda madzulo zikukwanirani masiku oyambirira, ndipo yezani shuga musanayambe kalasi ndi mukamaliza, poti masewero owonjezereka amasintha mmene thupi limagwiritsira ntchito mankhwala. Tsiku lomaliza lisanafike pemphani mphunzitsi akusankhireni masewero 6 kapena 8 okwana mphindi 15 amene safuna makina, ndipo akujambuleni pa foni yanu mukuwachita uku iye akukonza zolakwika, kuti mawu ake mukhale nawo kunyumba. Lembetsani kalasi ya ku Leeds ya sabata yobwererayo musananyamuke. Ululu ukayamba kutsikira m'mwendo kupitirira bondo, kapena phazi likayamba dzanzi pa sewero lililonse, lisiyeni nthawi yomweyo ndipo muuze mphunzitsi. Ndipo ngati patapita miyezi itatu ya masewero osadumphadumpha msana sunasinthe, bwererani kwa physiotherapist kuti aunikenso.